Mafunso ndi mayankho: zimene zimachulukitsa kapena kuchepetsa cheza chofika pa chotupa mu chithandizo cha BNCT

Chiyambire pamene timakanema ta "mankhwala atsopano a khansa a ku Japan" tinayamba kuyenda m'mafoni mwathu, ine sindipuma. Anthu amandiimitsa potuluka m'tchalitchi ku Highfield, pamsonkhano wa sosaite ya maliro ku Mufakose, tsiku lina mpaka mu kombi ya ku Mabvuku, chifukwa choti ndinaphunzitsa sayansi kusekondale zaka zambiri. Sindine dokotala, ndipo zimene ndalemba apazi sizikulowa m'malo mwa dokotala wanu. Ndangosonkhanitsa mafunso amene amabwera mobwerezabwereza okhudza chithandizo chimenechi, chotchedwa BNCT. Oyambirirawa ndi apafupi, koma mukamatsika nkhani inka nilimba.

BNCT n'chiyani kwenikweni?

Zilembo zinayizo zikuimira dzina lachingerezi lakuti boron neutron capture therapy. Ndi njira yowotchera khansa yokhala ndi mbali ziwiri. Poyamba wodwala amamuika diripi ya mankhwala okhala ndi boroni, ndipo mankhwalawo amakaunjikana m'maselo a chotupa kuposa m'maselo abwinobwino. Kenako amalozetsa pamalopo tizinthu tating'onoting'ono totchedwa nyutironi. Nyutironi ikagwidwa ndi atomu ya boroni-10, atomuyo imasweka pawiri, n'kutuluka kachidutswa ka heliyamu ndi kachidutswa ka lithiyamu. Tizidutswa timeneti n'taukali zedi koma sitipita patali. Timathera pa mamaikiromita 5 mpaka 9, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo selo nalonso kukula kwake n'komweko. Ndiye selo limene lameza boroni limafa, loyandikana nalo limene silinameze n'kupulumuka.

Ana a sukulu ndikanawauza kuti boroni ndi onga, nyutironi ndi moto. Onga wopanda moto ndi fumbi chabe, ndipo moto wopanda onga umangowaula pang'ono. Zonse zili m'munsimu zagona pa kukumana kwa ziwirizi.

Zikusiyana bwanji ndi kuwotcha kumene amachita ku Pari?

Ku Parirenyatwa muno mu Harare, ngakhalenso ku Mpilo ku Bulawayo, amagwiritsa ntchito cheza chochokera m'makina, cha mtundu wa X-ray koma champhamvu kwambiri. Mlingo wake amausankha ndi madokotala, makina n'kuupereka ndendende. Pa khansa ya kumutu ndi kukhosi kawirikawiri wodwala amalandira 2 Gy (Gy ndi muyeso wa mlingo wa cheza) patsiku, masiku 5 pasabata, mpaka zitakwana 60 kapena 70 Gy m'masabata 6 kapena 7.

Mu BNCT gawo lalikulu la cheza silichokera m'makina. Limabadwira m'kati mwa chotupa momwemo. Makina akhoza kugwira ntchito bwinobwino, koma ngati chotupa sichinamwe boroni wokwanira, mlingo umene chalandira ndi wochepa. Ubwino wake ndi woti nthawi zambiri amawotcha kamodzi kokha, osapitirira pafupifupi ola limodzi. Kuipa kwake ndi koti mlingowo uli m'manja mwa zinthu zambiri zimene dokotala sangazilamulire zonse.

Kodi chithandizochi chilipo muno, ku Joni kapena kumudzi ku Malawi?

Ayi. Mu Africa monse mulibe chipatala chopereka BNCT. Ena amasokoneza ndi chithandizo cha nyutironi chimene chinkaperekedwa ku iThemba LABS pafupi ndi Cape Town, koma chimenecho chinali china: nyutironi zothamanga kwambiri zinkawotcha zokha popanda boroni.

Dziko limene linatsogola kuvomereza BNCT ngati chithandizo cha masiku onse ndi Japan. Mu March 2020 boma lake linavomereza makina a kampani ya Sumitomo Heavy Industries pamodzi ndi mankhwala a Steboronine a kampani ya Stella Pharma, ndipo kuyambira June chaka chomwecho inshulansi ya boma inayamba kulipirira odwala khansa ya kumutu ndi kukhosi imene singachotsedwe ndi opaleshoni kapena imene yabwereranso. Zipatala ziwiri zodziwika ndi cha ku Koriyama ndi cha ku Takatsuki pafupi ndi Osaka. Ku Taiwan, ku Xiamen m'dziko la China ndi ku Helsinki m'dziko la Finland nakonso ntchitoyi ilipo, kwambiri ngati kafukufuku.

Mukamati "mlingo" mukutanthauza chiyani, nanga umasintha ndi chiyani?

Mlingo ndi kuchuluka kwa mphamvu ya cheza imene yatsalira m'mnofu. Amauyeza mu gray, mwachidule Gy. Mu BNCT mlingo wa pa chotupa umadalira makamaka kuchuluka kwa boroni-10 m'maselo ake ndi kuchuluka kwa nyutironi zofatsa (zimene liwiro lake latsika) zimene zafikapo. Ziwirizi sizimaphatikizidwa ayi, zimachulukitsidwa. Boroni akachepa ndi theka, mlingo wochokera kwa boroni umachepanso ndi theka, ngakhale nyutironi zibwere zochuluka ngati dzulo. Chimodzi chikakhala ziro, zonse ndi ziro.

Kuseri kwa ziwirizi kuli zina zambiri: mtundu wa khansa, mmene magazi amayendera m'chotupa, nthawi imene diripi yayikidwa, kuzama kwa chotupa, kukula kwa bowo lotulukira nyutironi, mmene wodwala wakhalira, ndiponso malire a zimene khungu ndi m'kamwa zingapirire. Mafunso otsatirawa akutenga zimenezi chimodzichimodzi.

Pamafunika boroni wochuluka bwanji m'chotupa?

Pafupifupi mamaikirogalamu 20 pa galamu iliyonse ya chotupa, kapena kupitirira apo. Kuti muone bwino, tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50, muikemo galamu imodzi ya mchere. Ndi momwemo. Zikuoneka zochepa, koma pa selo limodzi ndi maatomu pafupifupi 1 biliyoni.

Zochepa chonchi zimakwanira chifukwa boroni-10 ndi wadyera pa nyutironi. Amazigwira kuposa nayitirojeni maulendo oposa 2,000, ndipo kuposa haidirojeni maulendo oposa 10,000. Dziwaninso kuti boroni wa m'chilengedwe, magawo pafupifupi 20 okha pa 100 ndiwo boroni-10. Wotsalayo ndi boroni-11, amene pa ntchito iyi ndi mlendo wongodya nsima. N'chifukwa chake mankhwala a BNCT amapangidwa ndi boroni wosefedwa mwapadera, ndipo kusefako ndi kwa ndalama zambiri.

Chinanso n'chakuti kuchuluka kokha sikokwanira. Chotupa chiyenera kukhala ndi boroni woposa wa m'mnofu wabwino ndi m'magazi, mwina katatu kapena kupitirira. Onga ukamwazika nyumba yonse, moto sungasankhe.

Mankhwalawo amadziwa bwanji kopita?

Sadziwa kanthu, amangonamiza selo. Mankhwala ogwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano ndi BPA. Amafanana ndi phenylalanine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni zimene timapeza m'nyemba, m'mazira ndi m'nyama. Selo la khansa limakula mothamanga, choncho limakhala ndi njala ya zomangira zimenezi, ndipo limatsegula timakomo tambiri tolowetsera chakudya, makamaka kakhomo kotchedwa LAT1. BPA amalowera pomwepo atanyamula boroni kumsana. Khansa imene ili ndi timakomo tambiri totere imamwa bwino, imene ili ndi tochepa imamwa pang'ono. Apa ndiye pamayambira kusiyana kwa wodwala ndi wodwala mnzake, ngakhale dzina la matenda awo likhale limodzi.

Anayamba kugwiritsa ntchito BPA pa anthu ndi Yutaka Mishima wa ku Japan mu 1987, pa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Mankhwala ena akale ndi BSH, amene Hiroshi Hatanaka anayamba nawo mu 1968 pa zotupa za muubongo. BSH amanyamula maatomu 12 a boroni pamene BPA amanyamula imodzi, koma salowa bwino m'selo, amakonda kungozungulira panja. Ndipo malo amene boroni wakhala ali ndi ntchito: amene ali pafupi ndi phata la selo amapha kuposa amene ali kunja, popeza tizidutswa tija ulendo wathu ndi waufupi.

Nanga nditamwa borax, kapena kudya mapeyala ndi mtedza wambiri, sizingathandize?

Chonde musamwe borax. Funsoli landipeza kangapo, ndipo mayi wina anachita kutulutsa kapaketi m'chikwama pamaliro kundionetsa, kofanana ndi kamene timathira pophera mphemvu. Borax ndi poizoni, amawononga impso ndi m'mimba. Sasankha chotupa, boroni wake wambiri ndi uja wosagwira nyutironi, ndipo popanda nyutironi palibe chimene chingachitike pa khansa. Mapeyala ndi mtedza zili ndi boroni pang'ono ndithu, idyani chifukwa ndi chakudya chabwino, koma si mankhwala a khansa. Zimene zinachitika pamene madokotala enieni anayesa borax mukaziona pa funso la mbiri m'munsimu.

Madokotala amadziwa bwanji kuchuluka kwa boroni amene walowa m'chotupa?

Ili ndiye funso limene ndimafuna anthu atamafunsa kwambiri, chifukwa yankho lake limadabwitsa. Pa nthawi yowotchayo, boroni wa m'chotupa sayezedwa. Chimene amayeza ndi magazi. Amatenga magazi pang'ono diripi ili mkati, n'kuwaika m'makina a mu labu amene amanena msanga kuti muli boroni wochuluka bwanji. Kenako amachulukitsa nambalayo ndi ina yongogwirizana, kawirikawiri 3.5, n'kunena kuti m'chotupa muli wochuluka chotero.

Tiyeni tiwerenge. Tinene kuti magazi asonyeza mamaikirogalamu 25 pa galamu. Kuchulukitsa ndi 3.5 tipeza 87.5, ndipo kompyuta iwerengera mlingo pa nambala imeneyo. Koma ngati chotupa cha munthu ameneyu chimangomwa kawiri kuposa magazi, boroni weniweni ndi 50. Ndiye kuti mlingo wochokera kwa boroni ndi magawo 57 okha pa 100 a zimene zalembedwa papepala. Pepalalo silinaname mwadala, koma lamangidwa pa chiyerekezo. Zili ngati kulawa msuzi wa pamwamba pa mphika n'kunena kuti nyama yonse yalowa mchere.

Pofuna kuchepetsa kuyerekezaku, m'malo ena amayamba aunika wodwala ndi sikani ya PET. Amamubaya BPA wochepa womatidwa ndi fluorine-18, chizindikiro chimene makina amachiona, ndipo chithunzi chimasonyeza pamene mankhwala aunjikana. Ofufuza ambiri ku Japan akhala akutenga 2.5 ngati malire: chotupa chikamwa kuposa mnofu wabwino maulendo 2.5 kapena kupitirira, pali chiyembekezo. Komabe mankhwala a sikani ndi kadontho, pamene a tsiku lowotcha ndi diripi ya maola, choncho chithunzicho ndi mlozo, osati sikelo.

Pamene boroni akusweka, pa maulendo 94 mwa 100 pamatulukanso kacheza kotchedwa gamma, kofanana ndi X-ray, kamene kamatha kutuluka kunja kwa thupi. Akatswiri akulimbana ndi kupanga makamera oti aziona kachezako, kuti aziwerenga mlingo pamene kuwotcha kuli mkati. Ntchito imeneyi ikadali ya ofufuza.

N'chifukwa chiyani nthawi ya diripi amaisamala chonchi?

Chifukwa BPA sakhalitsa. Amalowa m'selo, koma boroni wa m'magazi akayamba kutsika amatulukanso pa kakhomo komweko, n'kupita ku impso ndi mumkodzo. Ukachedwa kuyatsa moto, upeza onga wachoka. Ku Finland ankaika diripi ya maola 2, kenako n'kuwotcha itatha. Njira yovomerezeka ku Japan ndi ya mamiligalamu 500 pa kilogalamu ya thupi: 200 pa ola kwa maola 2, kenako 100 pa ola kuwotcha kuli mkati, kuti boroni asatsike. Munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti alandira magalamu 30 a mankhwala, ndipo boroni-10 weniweni m'menemo ndi pafupifupi galamu imodzi ndi theka.

Mankhwala ochuluka chonchi amatha kuuma ngati timiyala mumkodzo, choncho wodwala amapatsidwa madzi ambiri. Impso zikakhala zofooka, boroni amachedwa kuchoka m'magazi ndipo chiwerengero chonse chimasintha.

Kuzama kwa chotupa kuli ndi ntchito yanji?

Kuli ndi ntchito yaikulu, mwina kuposa china chilichonse pambali pa boroni. Boroni amagwira bwino nyutironi zofatsa, zimene akatswiri amati thermal. Vuto n'lakuti zofatsazo sizilowa patali m'thupi, zimathera pafupi ndi khungu. Ndiye masiku ano amatumiza za liwiro lapakati, zotchedwa epithermal, kuti zikafatsire m'kati.

Amene mumaimirira pa tebulo la pool pa Machipisa mukudziwa zimene zimachitika mpira woyera ukagunda unzake pamphumi: woyerawo umaima, winawo n'kuthawa. Zimatero chifukwa mipirayo ndi yolemera mofanana. Nyutironi ndi phata la haidirojeni nazonso n'zolemera mofanana, ndipo thupi lathu ladzaza madzi, madziwo adzaza haidirojeni. Nyutironi ikamalowa imagundagunda, liwiro n'kumatha, mpaka itafatsa. Mawu oti kufatsa asakupusitseni, chifukwa yofatsayo imathamangabe mamita 2,200 pa sekondi.

Zotsatira zake n'zakuti nyutironi zofatsa zimachuluka kwambiri pa masentimita 2 mpaka 3 pansi pa khungu, kenako n'kumachepa msanga. Pofika masentimita 6 mpaka 8 zatsala zochepa moti chotupa sichingalandire mlingo woposa wa mnofu wabwino wa kumtunda. Ikani zala zanu zinayi pamodzi pa tsaya, kuchokera chamkombaphala mpaka chaching'ono: kuzama kumene BNCT imafika ndi pafupifupi kumeneko. Chotupa chachikulu chikhoza kupsa bwino mbali ya kukhungu, mbali ya m'kati n'kulandira theka kapena kucheperapo. N'chifukwa chake dokotala wabwino amayang'ana mlingo wotsikitsitsa wa m'chotupa, osati wokwera kwambiri.

Ngati zili choncho, chotupa cha pakhungu penipeni ndiye chosavuta?

Chili ndi vuto lakelake. Nyutironi za liwiro lapakati zimadutsa pakhungu zisanafatse, ndiye pamwamba penipeni mlingo umachepa. Pofuna kukonza zimenezi amaphimba malowo ndi kansalu kokhuthala konga phala louma, kokhala ndi haidirojeni wambiri, kuti nyutironi ziyambe kufatsira m'menemo. Koma ukakokera moto kumtunda, khungu labwino lozungulira nalo limapsa kwambiri.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa melanoma mwa ife anthu akuda imakonda kutuluka kuphazi, m'zikhatho ndi pansi pa zikhadabo. Ku Japan ndi ku Bariloche m'dziko la Argentina anayesapo BNCT pa melanoma ya m'miyendo. Koma kwa ife muno, banga lakuda la kuphazi limene likukula, kusintha maonekedwe kapena kuchucha magazi, mankhwala ake ndi kupita nalo kukiliniki msanga kuti likadulidwe lisanafalikire.

N'chifukwa chiyani pazithunzi wodwala amakhala atagunditsa tsaya kukhoma?

Makina a ku Pari amazungulira wodwala. Nyutironi sizitheka kuzikhotetsa chomwecho, zimatulukira pa bowo la pakhoma limene silisuntha, ndiye wodwala ndi amene amasunthidwa. Zikangotuluka zimabalalika ngati utsi wa mbaula, moti mpata wa masentimita ochepa pakati pa bowo ndi khungu umachepetsa nyutironi zofika pa chotupa. Phewa limavutitsa kwambiri pa khansa ya pakhosi, chifukwa limagunda khoma khosi lisanafike. Amamangirira mutu ndi chigoba chapulasitiki choumbidwa pa nkhope ya munthuyo, ndipo ayenera kukhala phee kwa mphindi 30 mpaka 60. Akapendekeka pang'ono, mlingo wa pa chotupa umatsika kapena wa pamalo abwino umakwera.

Kukula kwa bowo nakonso kumasintha zinthu, ndipo apa nzeru wamba imatisocheretsa. Tingaganize kuti bowo laling'ono ndiye lolunjika bwino. Koma bowo lalikulu limafikitsa nyutironi zambiri pakuya, popeza za m'mbali zimagundagunda n'kubwerera pakati. Bowolo amalizinga ndi pulasitiki yosakaniza ndi lithiyamu kuti imeze zosochera.

Bwanji osangowonjezera nthawi yowotcha kuti chotupa chilandire zambiri?

Chifukwa wotchi siyendera chotupa, imayendera mnofu wabwino. M'thupi mumachitika mitundu inayi ya cheza nthawi imodzi, ndipo umodzi wokha ndiwo umasankha. Woyamba ndi wa boroni uja. Wachiwiri umabadwa nayitirojeni wa m'mapuloteni athu akagwira nyutironi n'kulavula pulotoni. Wachitatu ndi wa nyutironi zothamanga zimene zimakankha haidirojeni mwamphamvu, makamaka pakhungu. Wachinayi ndi gamma, wina wochokera m'makina, wina wobadwa haidirojeni akameza nyutironi. Itatu yotsirizayi imawotcha selo la khansa ndi labwino mofanana. Onjezaninso kuti mnofu wabwino nawo umamwako boroni, makamaka khungu lofewa la m'kamwa ndi kummero, komanso tizigawo topanga malovu.

Choncho madokotala amayamba anena kuti chiwalo chosachedwa kupsa chingapirire mpaka pati, ndipo nthawi ikakwana pamenepo amazimitsa, kaya chotupa chakhuta kaya ayi. Pa kafukufuku amene anatsegula njira ku Japan, malire anali 12 Gy-Eq (muyeso umene ndaufotokoza pa funso lotsatira) pa khungu lofewa la m'kamwa ndi kummero. Odwala anali 21, ndipo mwa 71 pa 100 alionse chotupa chinaphwa kapena kuzimiririka. Ambiri tsitsi linathothoka pamalo owotchedwawo, ena anachita nseru ndi zilonda m'kamwa. Onani kuti boroni akachuluka m'magazi nthawi yowotcha imafupika, chifukwa mnofu wabwino umafika msanga pa malire ake. Amene anawotchedwapo kale pamalo omwewo malire awo amakhala otsika. Ndipo chotupa chikakulunga mtsempha waukulu wa pakhosi, kuchisungunula msanga kungaboole mtsemphawo, zimene zimapha.

Ndaona polembedwa kuti chotupa chinalandira 60 Gy-Eq tsiku limodzi. Kodi n'zofanana ndi 60 Gy ya masabata 6?

Ayi, ndipo apa ndi pamene otsatsa malonda amakolera anthu. Mitundu inayi ya cheza ija siipweteka mofanana, choncho uliwonse amauchulukitsa ndi nambala yakeyake asanaphatikize. Zotsatira zake amazilemba Gy-Eq, kutanthauza kuti "zofanana ndi gray wakutiwakuti wa X-ray". Pa BPA nambala zozolowereka ndi 3.8 pa chotupa, 2.5 pa khungu, 4.9 pa khungu lofewa la m'kamwa, ndi pafupifupi 1.3 pa ubongo. Ndiye 10 Gy yeniyeni yochokera kwa boroni imalembedwa 38 Gy-Eq ikakhala pa chotupa.

Nanga 3.8 anachokera kuti? Anachokera ku zotupa za muubongo wa makoswe a mu labu, pa ntchito ya Jeffrey Coderre ndi anzake ku Brookhaven ku America. Nambala ya khoswe imeneyo ndi imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito pa khansa zosiyanasiyana za anthu. Mu 2012 Sara González ndi Gustavo Santa Cruz a ku Argentina anasonyeza kuti kuchulukitsa ndi nambala yosasintha kumakokomeza mlingo wa pa chotupa, makamaka mlingowo ukakhala waukulu, ndipo anapereka njira ina yowerengera imene imatulutsa manambala otsikirapo, ogwirizana bwino ndi zimene zinachitikira odwala.

Tsono mukaona Gy-Eq, kumbukirani kuti pansi pake pali ziyerekezo ziwiri zosanjikizana: cha boroni wa m'chotupa chimene tafotokoza pa funso la magazi, ndi ichi cha kupweteka kwa cheza. Ine nambala yotere ndimailemekeza ngati mmene ndimalemekezera olosera zanyengo. Ndimatenga ambulera, koma sindibzala chimanga chifukwa cha mawu awo okha.

Ngati mlingo unali waukulu, khansa imabwereranso bwanji?

Chotupa si mbatata yofanana paliponse. Kunja kwake kuli maselo okula msanga, okhala pafupi ndi mitsempha, ndipo amenewa amamwa BPA wambiri. Pakati pamakhala maselo osowa magazi ndi mpweya, ena ofa, ena ogona tulo osagawikana. Ogonawo sadya kwambiri, choncho samwa boroni wokwanira. Tsono ulendo waufupi wa tizidutswa tija, umene tinautama poyamba, apa ukusanduka chilema: selo la khansa limene silinamwe limapulumuka mofanana ndi selo labwino, ngakhale anzake onse ozungulira afe. Pakapita miyezi limadzuka.

Muubongo zimavuta kuposa apa. Khansa yotchedwa glioblastoma imatumiza maselo amodziamodzi kutali ndi chotupa chenicheni, kumene mpanda woteteza ubongo ku zinthu za m'magazi ukadali wolimba, ndipo mankhwala amafikako ochepa. Pachifukwa chimenechi ena amapereka BNCT kawiri motalikitsa masabata, monga ankachitira ku Finland ndi ku Taiwan, kapena amawonjezera X-ray pambuyo pake.

Pali kusiyana pakati pa nyutironi za mu reactor (ng'anjo ya nyukiliya) ndi za makina atsopano?

Nyutironi ndi nyutironi, boroni safunsa kumene yachokera. Chosiyana ndi kuchuluka kwake ndi ukhondo wake. Bungwe la mayiko loona za mphamvu ya nyukiliya la IAEA mu 2001 linalangiza kuti pakhale nyutironi za liwiro lapakati pafupifupi 1 biliyoni pa sikweya sentimita pa sekondi, kuti kuwotcha kuthe boroni asanachoke, ndiponso kuti zothamanga kwambiri ndi gamma zikhale zochepa. Zonyansazi zikachuluka, khungu limafika msanga pa malire, chotupa n'kutsala ndi njala.

Kale zonse zinkachitikira mu reactor, monga FiR 1 ya ku Finland imene inathandiza odwala oposa 200 kuyambira 1999 mpaka 2012. Makina atsopano amathamangitsa mapulotoni n'kuwamenyetsa pa chitsulo cha beriliyamu kapena lithiyamu, ndipo amakwana m'chipatala. Inde, lithiyamu yemweyo amene amakumbidwa ku Bikita ndi ku Goromonzi, ngakhale kuchoka pa mwala kufika pa makina otere ndi ulendo wautali.

Ngati nzeruyi ndi yakale, inachedwa kuti?

James Chadwick anatulukira nyutironi mu 1932, ndipo mu 1936 Gordon Locher anali atalemba kale kuti ingathe kuchiza khansa mwa njira imeneyi. William Sweet, dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku Boston, anayamba kuyesa pa anthu mu 1951 ku Brookhaven. Zinakanika, ndipo pofika 1961 ntchitoyo inaimitsidwa ku America. Mankhwala oyambawo, kuphatikizapo borax wa boroni-10, ankatsalira m'magazi m'malo molowa m'chotupa, ndiye imene inkapsa ndi mitsempha ya muubongo. Nyutironi zake zinali zofatsa kale, zinkawotcha khungu la pamutu osafika pakuya. Hatanaka anazemba vutoli potsegula chibade n'kuwotcha ubongo uli poyera. Nyutironi za liwiro lapakati zinayamba kugwiritsidwa ntchito pa odwala mu 1994. Mukaonetsetsa, zolephera zonsezo ndi mfundo ziwiri zija, boroni pamalo olakwika ndi nyutironi zosafika.

Kodi ingathandize khansa ya khomo la chiberekero, ya prostate kapena ya njira ya chakudya ya m'chifuwa, zimene zatimaliza kuno?

Monga zilili lero, ayi. Ziwalo zimenezi zili pakatikati pa thupi, kupitirira zala zinayi zija. Ku Pavia m'dziko la Italy mu 2001 anafika pochotsa chiwindi cha wodwala, kukachiwotcha mu reactor, n'kuchibwezeretsa, zonsezo pothawa vuto la kuzama. Komanso BNCT imawotcha malo amodzi, siithandiza khansa imene yamwazikira m'mapapo kapena m'mafupa.

Khansa ya khomo la chiberekero, imene imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse muno mu Zimbabwe, ili ndi njira zake zotsimikizika: katemera wa HPV kwa atsikana, kuyezetsa kwa VIAC kukiliniki, ndipo ikapezeka, opaleshoni kapena kuwotcha kwa kunja ndi kwa m'kati pamodzi ndi mankhwala. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Munthu akawotchedwa chotero, ana angamuyandikire?

Nyutironi zimasandutsa pang'ono sodiyamu ndi kulorini wa m'thupi kukhala zotulutsa cheza. Cha kulorini chimatsika ndi theka pa mphindi 37 zilizonse, cha sodiyamu pa maola 15. N'zochepa, ndipo achipatala amamuyeza asanamutulutse. Mano a golide kapena a chitsulo ndi amene amawafunsa msanga, chifukwa zitsulo zina zimasunga cheza nthawi yotalikirapo.

Amalume ali ndi khansa ya pakhosi imene yabwereranso, ndipo banja likuganiza zogulitsa nyumba ku Dzivarasekwa kuti apite kunja. Tiyambire pati?

Musayambire pa nyumba. Yambirani kwa dokotala wa khansa amene akuwaona, mumupemphe zithunzi za CT kapena MRI pa disiki, lipoti la kachidutswa kamene anakayeza ku labu, ndi pepala losonyeza mlingo umene anawotchedwa nawo poyamba ndi malo ake. Popanda zitatuzi palibe chipatala chenicheni cha BNCT chimene chingayankhe. Bungwe la Cancer Association of Zimbabwe lingakuthandizeni uphungu pamene mukusonkhanitsa zimenezi.

Mapepalawo akapita, funsani kuti mbali yozama kwambiri ya chotupa ili masentimita angati kuchokera pakhungu, ndipo mlingo wotsikitsitsa kumeneko ukhala wotani. Funsani ngati adzaunika kaye ndi PET kuti aone ngati chotupacho chikumwa BPA. Funsani za mtsempha waukulu wa pakhosi, za impso, ndiponso ngati amalumewo angathe kukhala osagwedezeka ola lathunthu khosi litapindidwa. Funsaninso amene adzawasamalire zilonda za m'kamwa akadzabwerera kuno, popeza zimayamba patapita masiku, munthu ali kale m'ndege kapena kunyumba. Chipatala chenicheni chimayamba chawerengera zonsezi pa kompyuta kuchokera pa zithunzi, ndipo ambiri chimawabweza chifukwa cha kuzama kapena kufalikira. Wothandizira maulendo amene akufuna dipoziti asanaone disiki ya amalume, mubwezereni nambala yake ya akaunti.